Mbale Zitatu Pakhomo la Chipinda cha Amayi

Mlongo wanga ndinamulera ndine. Ndikuyamba ndi mawu amenewa dala, kuti wina asadzati ndimangomuda. Pamene ankabadwa ine ndinali ndi zaka zisanu, ndipo atangosiya kuyamwa amayi anabwerera kukathyola fodya, mwanayo n'kumumangirira kumsana kwanga. Tinkakhala m'komboni ya pulazi ina, munda waukulu wa fodya, pafupi ndi Macheke, nyumba ya zipinda ziwiri, mzere wachitatu kuchokera kumabalani oumitsira fodya. Abambo anachoka ku Dedza ali mnyamata. Amayi anabadwira m'komboni momwemo, kumudzi sanapondeko, koma mwambo wa kumudziko ankausunga kuposa eni ake.

Komboni yonse inali ndi mpopi umodzi. Ndinkakaima pamzere kusanayere bwino, kubwera ndi chidebe, kusesa, kutsuka mbale za dzulo, kukoleza moto, kenako n'kuthamangira kusukulu miyendo ili mbuu. Pobwera, nkhuni. Nkhunizo tinkachita kuba m'nkhalango ya bulugamu ya mwini pulazi, ndipo alonda akatipeza ankatilanda nkhwangwa n'kutikwapula. Loweruka ndinkachapa ovolosi ya abambo, yonona ndi phula la fodya ndi mankhwala opopera, mpaka manja kusupuka. Nanga mlongo wangayo? Atakula pang'ono ntchito yake inali legeni ndi mpira wa mapulasitiki. Akatumidwa kusitolo kukagula mchere, amayi ankamuyamika ngati wamanga nyumba.

Chinanso chimene sindinauzepo munthu mpaka lero ndi ichi: mwanayu ankakodza pogona mpaka ali m'giredi yachinayi. Tinkafunda bulangete limodzi pabalaza. M'mawa uliwonse ine ndi bulangete kumpopi, iye ali phee akudya phala. Sopo ankasowa masiku ambiri, ndiye fungo linkanditsatira mpaka m'kalasi. Anzanga anandipatsa dzina loipa limene sindilemba pano, ndipo benchi imene ndinkakhala ankaithawa. Nditakalira kunyumba, amayi ananditsina khutu n'kunena kuti ndikangoulula mwini mkodzowo ndiona zakuda. Ati mwana wamwamuna ukamuchititsa manyazi pagulu amakula wamantha. Wamkazi kaya amakula bwanji, sananene.

Atakwana zaka khumi ndi chimodzi anamutengera kudambwe, kuseri kwa manda, kukalowa gule. Gule ndilibe naye mlandu ine. Loweruka masana ng'oma zikalira ndinkakhala kutsogolo kwa azimayi oyimba, Lamlungu n'kukayimbanso kwaya kutchalitchi, monga tonse tinkachitira. Chimene chinandinyansa ndi zimene anabwera nazo. Anabwera atametedwa mpala, maso pansi, ndipo akuluakulu anatiuza malamulo ake tili pabwalo: asalowenso kuchipinda kwa amayi ake, asakhudze nsalu zawo, asasuzumire mumphika, asakhale kukhitchini ndi akazi. Kuyambira tsiku limenelo, munthu amene ndinkamupukuta mamina ndinayenera kumamutchula kuti achimwene, n'kumagwada pomupatsa madzi osamba m'manja. Ndinagwada. Ndikadatani, amayi ataima pambuyo panga? Iye anasamba m'manja osandiyang'ana n'komwe, n'kusamukira kumbale ya abambo, komwe kunkapita matemba aakuluakulu.

Nanenso ndinavinidwa chinamwali, nanenso anandilangiza kuti chipinda cha abambo ndisalowemo. Koma abambo atadwala chifuwa cha utsi wa m'mabalani, amayi ali kumunda kuti tisathamangitsidwe m'nyumba ya pulazi, ankalowa ndani? Ine. Chitini cha makhololo ndinkataya ndine, chidebe chimene ankadzithandiziramo ndinkatsuka ndine. Mwambo wanga unasungunuka tsiku lomwelo ngati shuga m'tiyi, ndipo palibe wamkulu amene anabwera kudzadandaula. Sukulu ndinali nditayamba mochedwa chifukwa cholera mwana, ndipo inathera pamenepo, mayeso a giredi seveni osalemba. Mlongo wanga anafika mpaka fomu yachiwiri, n'kuisiya yekha, ati ikumutopetsa.

Tsopano ndine mayi wa ana awiri, mnyamata ndi mtsikana. Bambo awo anamwalira. Ndimachita lendi zipinda ziwiri ku Marondera, ndipo ndimaphika sadza, nsima ya kuno, pa kantini ina pafupi ndi pokwerera makombi. Pulazi ija inagawidwa kalekale, injini ya mpopi inafa, madzi amakatunga kudamu kumunsi, koma komboni ikadalipo ndi mabanja ochepa amene analibe kolowera. Abambo atamwalira, amayi anatsala komweko. Mlongo wanga anakwatira, koma mkazi wake anatopa naye n'kubwerera kwawo ku Shamva, ndipo sindimudzudzula. Iye anangonyamula chikwama n'kubwerera pabalaza pa amayi, bambo wandevu zake, kumaphikiridwa ndi kuchapiridwa ndi nkhalamba. Ine ndinalumbira chinthu chimodzi chokha, kuti mwana wanga wamkazi sukulu adzamaliza, zivute zitani. Chaka chatha anali atangoyamba fomu yoyamba, ndipo masamu ankawakhoza kuposa kalasi yonse.

Linali Lachinayi m'mwezi wa Febuluwale, nthawi yothyola fodya, pamene mayi wina woyandikana ndi amayi anandiimbira foni. Anati amayi anagwa Lolemba akuchokera kudamu, mbali imodzi yafa, pakamwa papindika. Lolemba! Ndinafunsa kuti nanga mlongo wanga bwanji osandiuza. Mayiyo anati anawasambitsa tsiku loyambalo n'kuwagoneka pabedi, koma masiku enawo amalawirira kukagwira ganyu m'minda ya fodya, kubwera atatheratu, ndipo akafunsa, mlongo wanga amayankha kuti zonse zili bwino, asisi ali m'njira.

"Koma mwanangu, fulumira," anatero. "Lero ndadutsa pawindo. Sizili bwino."

Ndinapempha masiku atatu kuntchito n'kukwera kombi.

Ndinafika dzuwa lili pamutu. Mlongo wanga ndinamupeza pansi pa mtengo wa mabulosi akukonza tcheni cha njinga. Anadzuka ndi nkhope ya munthu amene wagwira ntchito yaikulu.

"Mwafika, asisi. Ine ndayesetsa, Mulungu akudziwa. Chakudya ndimawapatsa tsiku lililonse."

Fungo linandilandira ndisanaponde pakhonde. Ndagwirapo ntchito pafupi ndi zimbudzi za pamsika, koma limenelo linandibweza m'mbuyo. Pabalaza panali ntchentche zobiriwira zija, zonenepa. Chitseko cha kuchipinda chinali chotsegula, ndipo pansi, mkati pang'ono, panali mbale zitatu zitandondozana. M'mbale iliyonse munali banzi, lina litauma gwa, lina nyerere zitalizinga, lina nkhuku itajompha theka. Pambali panali botolo la zakumwa zoziziritsa kukhosi losatsegula. Mpini wa khasu unali utatsamira pafelemu.

"Mpiniwu ndi wa chiyani?" ndinafunsa.

"Ndimakankhira mbale," anatero ali kumbuyo kwanga. "Kuti ifike pafupi ndi bedi. Sindinalowe, asisi, ngakhale chala chaphazi. Mukhoza kuwafunsa."

"Simunaone kuti sakudya?"

"Ndimati mwina m'kamwa mukuwawa."

Ankayembekezera kuti ndimuyamike, ine ndikumuona m'maso. Amayi anali chigonere pabedi, ndipo dzanja lakufalo ndi limene linali mbali ya mbalezo. Masiku atatu akuona banzi ndi maso, osatha kulifikira. Ankangomwa madzi a m'jagi imene mayi uja anawasiyira kumutu, ndipo nayo inali itauma.

Zimene ndinapeza pansi pa bulangete sindingazikongoletse. Anali atadziipitsira kangapo, zina zitauma n'kumatirira pakhungu, chitenje chitakakamira kumatako. Pantchafu panali patayamba kale zilonda. Ndinatuluka kukasanza kuseri kwa nyumba, n'kubwerera. Amayi ankalira mbali imodzi ya nkhope, akuti pepa mwanangu, pepa, mawu akutuluka movutikira. Ine ndinkalira ndi ukali. Ndinatenthetsa madzi amene ndinapeza m'mgolo, ndinawamwetsa phala lamadzimadzi ndi sipuni, kenako ndinayamba kunyowetsa chitenjecho pang'onopang'ono kuti chimatuke osasenda khungu. Koma kuti ndichotse matiresi pamafunika anthu awiri, chifukwa amayi ndi munthu wathupi, ndipo wakufa mbali sathandiza womunyamula.

"Achimwene, talowani mundigwirire miyendo. Ndawafunditsa."

Anafika pakhomo n'kuima, zala zakumapazi zitalekeza pamzere weniweni wa simenti.

"Lowani!"

"Asisi, mukudziwa kuti sizitheka."

Ndisanamutukwane, amayi anakuwa. Munthu amene ankalephera kutchula madzi, mawu anawapeza.

"Asalowe! Ukufuna kundiphera mwana? Asalowe!"

Anakoka bulangete ndi dzanja lamoyolo mpaka kumutu. Mlongo wanga anabwerera kunjinga yake mtima uli m'malo. Ndinawagubuduza ndekha, msana kuchita kulira, ndipo matiresiwo ndinakawotcha kudzala. Utsi usanathe n'komwe, ine manja akununkhabe, anabwera pambali panga n'kutsokomola pang'ono. Ati kodi sadza lilipo, chifukwa iyenso masiku atatuwa wangodya mabanzi. Abale inu! Ndinamuyang'ana kuyambira kumapazi mpaka kumutu. Ndipo kuti ndinene zoona, ndinaphika, chifukwa amayi anamva ali kuchipinda n'kuyamba kundidandaulira.

Madzulo ake ndinanyamula mabulangete kupita nawo kudamu. Azimayi amene ndinawapeza kumeneko anandipepesa, ena anandithandiza kufinya. Ndinkayesa kuti amutukwana limodzi nane mlongo wangayo. Ayi ndithu. Wina wachikulire anati ndithokoze Mulungu, mlongo wanga ndi mwana woleredwa bwino, anyamata a masiku ano akanangolowa ngati m'sitolo. Anzake anavomera. Ine ndinkapala zouma zija ndi mwala, ndikumva akuyamika ulemu wake.

Mawa lake amayi tinawatengera kukiliniki pangolo yobwereka. Tinawanyamula ine ndi azimayi awiri a m'komboni. Ng'ombe ankayendetsa mlongo wanga, ali chiimire, chikwapu m'manja, akuimba mluzu kuti anthu aone mwana wosamala make. Namwino anati ndi sitiroko, ndipo akufunika munthu wowatembenuza, wowadyetsa ndi wowasambitsa tsiku lililonse, mwina mpaka kalekale. Anafunsa kuti zilondazo zabwera bwanji m'masiku ochepa chonchi.

Loweruka m'mawa kunabwera amalume, mlongo wawo wa amayi, kudzakonza nkhani. Anakhala pampando, mlongo wanga pampando winawo, ine pansi pakhonde. Zitseko tinatsegula kuti amayi azimva.

"Nkhaniyi ndi yapafupi," anatero amalume. "Iwe uli pantchito, sitingakuletse. Koma uli ndi mtsikana. Mbweretse adzakhale ndi agogo ake."

"Ali pasukulu, amalume."

"Sukulu sithawa. Agogo ake akachira adzapitiriza."

"Yanga inathawa," ndinatero. "Inu munalipo."

Za mwana wanga wamwamuna, wamkulu ndi zaka zitatu, wamphamvu zonyamula munthu, palibe anafunsa. Ndinaloza mlongo wanga. Ndinati nayu munthu wa manja awiri, sali pantchito, amagona khoma limodzi ndi amayi ake. Amalume anapukusa mutu ngati ndalankhula zamisala. Ati kodi ndikufuna mwanayu aone umaliseche wa make, tsoka limutsate moyo wake wonse? Mwana ameneyo imvi zinali zitayamba kale m'ndevu.

Ndinayesa njira ina. Ndinati chabwino, thupi la amayi asalikhudze, nsalu zawo asazikhudze. Mayi woyandikana uja wavomera kumawasambitsa ndi kuwadyetsa asanapite kuganyu ndi pobwera. Koma sangagwire zonse. Madzi atunge iye, nkhuni atole iye, moto akoleze iye.

"Kapena kudambwe anakuuzaninso kuti madzi musatunge?"

Amalume anati ayi, limenelo si lamulo. Mlongo wanga anati madzi okha palibe vuto.

"Chidebe ndi icho," ndinatero. "Amayi akufunika kusamba."

Anachinyamula ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa, n'kulowera njira ya kudamu. Tinadikira. Amalume anamwa tiyi makapu awiri, wophika ine. Patatha ola lathunthu ndinaona chidebe chikubwera pamwamba pa udzu. Chinali pamutu pa kamtsikana ka banja lina la kumapeto kwa mzere, ka zaka zisanu ndi zinayi, khosi litalowa m'mapewa, madzi akukatayikira kumaso. Pambuyo pake panali mlongo wanga, manja ali m'thumba.

"Kudamu kuli azimayi okhaokha, asisi," anatero. "Akanandiseka."

Amalume anaseka mokondwa, n'kunena kuti ndadzionera ndekha tsopano. Ndinakatula kamwanako, ndipo ndinaona bwinobwino zimene zinkadikira mwana wanga akanabwera. Ndinalankhula zambiri tsiku limenelo, zina zosayenera kulankhula kwa malume, ndipo mpaka lero sindinapepese. Ndinamaliza ndi kunena kuti mwana wanga sapondako kuno, amayi ndikupita nawo ku Marondera.

Amayi anakana, analira, anandinena kuti ndine mwana wamwano. Chimene chinkawapweteka si nyumba yawo kapena manda a abambo. Njira yonse, m'galimoto imene ndinachita hayala, ankangobwereza funso limodzi, malovu akutsika pachibwano: nanga achimwene ako awaphikira ndani? Ine ndinkangowapukuta. Ndinkadziona ngati ndapambana. Ndinali nditapulumutsa sukulu ya mwana wanga, ndipo ndinauza aliyense amene anafuna kumva.

Amayi ndinawagoneka kuchipinda, limodzi ndi ine ndi mtsikana, mnyamata pabalaza. Kantini imatsegula m'mamawa, ndipo ntchito sindingaisiye, pakuti ndi imene imatidyetsa tonse anayi. Poyamba ndinkadzuka msanga, kuwasambitsa, kuwadyetsa, n'kupempha mayi wa nyumba ina pabwalo pathu kuti aziwasuzumira mpaka ana abwere. Koma matenda awa sadziwa nthawi. Pali masiku amene umawasintha bwinobwino, uli pafupi kutuluka, basi adziipitsiranso, ndipo zimenezo sungasiyire munthu wongokuchitira chifundo. Tsiku loyamba zitatero ndinauza mtsikana wanga kuti atsale, lero lokha. Sabata yotsatira, lero lokha. Sindinakhale pansi kuganiza kuti ndisankhe ndani. Dzina lake ndi limene linkangotuluka pakamwa. Mnyamata wanga sanapiteko kudambwe, gule amangomuonera pafoni, palibe wamkulu amene anamulangizapo kanthu. Koma chidebe cha agogo ake sanachigwirepo ngakhale kamodzi, chifukwa ine sindinamutumepo.

Ndinazizindikira m'mawa wina m'mwezi wa Juni, kukuzizira koopsa. Ndinali nditavala kale apuloni, nthawi itanditha, pamene fungo lija linatuluka kuchipinda. Ana onse awiri anali atavala yunifolomu. Mnyamata anali pakhomo akumanga zingwe za nsapato, buledi ali pakamwa. Anakwinya mphuno, anati wachedwa, ndipo ndinamva geti likulira. Mtsikana sanadikire kuti ndimuitane. Anaima pakati pa balaza, chikwama kumsana, anayang'ana chitseko cha kuchipinda, kenako anayang'ana ine.

"Ndivule, amayi?"

Sanakwiye, sanalire. Anafunsa monga munthu amafunsira ngati athire mchere m'ndiwo. Ndinkadziwa kuti tsiku limenelo kunali mayeso a masamu, chifukwa dzulo lake anandiuza kawiri. Ndinayang'ana kugeti. Mnyamata anali asanafike patali, ndikanakuwa akanamva. Ndinayang'ana nthawi pafoni.

"Vula," ndinatero. "Lero lokha."

Anakoloweka yunifolomu pamsomali, anamanga chitenje changa chakale m'chiuno, n'kutenga chidebe. Ine ndinapita kukaphikira anthu sadza, ndikudzinyansa njira yonse. Teremu imeneyo sanaimalize.